Sizasi ya Mfumu ndi Ana a ku Pansipansi

M'dziko la Dikirakaye munali lamulo limodzi limene ngakhale mbuzi zinkalidziwa: chinthu chatsopano sachigwiritsa ntchito Mfumu isanachitsegulire. Mlatho ukatha kumangidwa, anthu ankapitiriza kuwoloka pansi pake, zovala zili pamutu, kudikira tsiku limene Mfumu Ndadulapo Wachitatu idzafike ndi sizasi yake ya golide n'kudula riboni. Mjigo ukakumbidwa, amayi ankaulambalala ndi zidebe zawo, ulendo wa kudambo kukalimbirana madzi ndi ng'ombe. Pamsika wina panali chimbudzi chimene chinakalamba mpaka kugwa chokha chisanalandirepo mlendo ndi mmodzi yemwe, ndipo nyuzipepala ya boma inalemba kuti chinali chimbudzi chaukhondo kuposa zonse m'mbiri ya dzikolo.

Lamulolo linali ndi mchira wake. Munthu akalowa m'nyumba yosatsegulidwa, nyumbayo inkatengedwa kuti yadetsedwa, ndipo ankaigumula, chifukwa Mfumu sitsegulira makombo a anthu wamba. Panalinso mwambo wina wakale wonena kuti nsapato za Mfumu siziponda matope. Choncho m'dzinja Mfumu sinkatuluka m'likulu lake la Kumpando. M'chilimwe namo inkasowa, poti ndiyo nthawi imene inkauluka kupita kumayiko ozizira kukachita misonkhano yokambirana za mvula.

Kumunsi kwenikweni kwa dzikolo kunali dera lotchedwa Pansipansi, m'mbali mwa mtsinje wa Sagogoda. Kale mtsinjewu unkasefukira mwa apo ndi apo, koma nyengo itasintha, mvula inatenga khalidwe la chidakwa: ikafuna osabwera kunyumba miyezi yathunthu, ikabwera n'kuswa zonse. Sukulu ya ku Pansipansi inali pakamwa penipeni pa mtsinjewo, ndipo zipupa zake zinali ndi mizere ya matope yosonyeza pamene madzi analekezera chaka chilichonse. Mzere wa chaka chatha unali pamwamba pa mawindo.

Mphunzitsi wamkulu wa sukuluyi anali Mayi Jelita Kabango, mayi wathupi, wa mawu ofatsa, amene chibadwire chake anali asanaphwanyepo lamulo lililonse, ngakhale lopusa. M'mawa uliwonse ankapukuta chithunzi cha Mfumu asanapukute nkhope ya mwana wawo Mwandida, wa sitandade folo. Ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti akuluakulu akachedwa ndiye kuti akuganiza mozama. Tisawaseke kwambiri, poti ambiri m'dzikomo anakalamba ndi chikhulupiriro chomwecho.

Iwowa ndi amene anasonkhanitsa makolo kuti amange sukulu ina pachitunda, malo okhawo okwera m'dera lonselo. Mutu umodzi susenza denga, choncho anthu anagwirana manja. Abambo anaumba njerwa, amayi anazisenza pamutu kukwera nazo chitunda mpaka makosi kuuma, ana anadzala nsungwi ndi udzu wa vetiva kuti nthaka isamakokoloke. Abwenzi akunja anathandizapo malata ndi simenti. Inatuluka sukulu yooneka bwino, ya maziko aatali ndi thanki yosungira madzi, yoti chigumula chikabwera mudzi wonse uthawiremo. Itangotha, kunabwera mnyamata wa boma pa njinga yamoto, anamanga riboni yofiira pakhomo la mpanda, n'kubwerera. Loko panalibe. Riboniyo inali yokwanira, ndipo ana anapitiriza kuphunzira kumunsi kuja.

Mitambo itayamba kuda, Mayi Kabango anavala chitenje chawo cha nkhope ya Mfumu n'kukwera basi ya ku Kumpando. Anapeza bwalo la nduna lili pakati pa mkangano waukulu wokhudza mtundu wa maambulera oti azifunditsa galimoto za boma. Mfumu inali pampando wake, maso ali otseka, sizasi ili pakhushoni pambali pake. Amene anawalandira anali Olemekezeka a Nthawiilipo, Nduna ya Zotsegulira ndi Kuomba M'manja, bambo wa mimba yotsogola ndi mawu otsekemera ngati a wogulitsa mankhwala m'basi.

Mayi Kabango anagwada.

"Pepani akuluakulu, ndachokera ku Pansipansi. Sukulu ija tinamaliza kalekale. Chaka chatha madzi anafika m'mawindo, ndiye chaka chino ndikuopa kuti atitengera ana. Timapempha Mfumu yathu itikumbukire, ingodzadula kariboni kaja."

"Kariboni?" anatero a Nthawiilipo, akutembenukira anzawo. "Mwamva, akuti kariboni! Mayi, riboni ndiyo imasiyanitsa chitukuko ndi mulu wa njerwa. Kwanuko kwayamba matope?"

"Ayamba, bwana."

"Ndiye mukufuna nsapato za Mfumu ziponde chiyani?"

"Kapena mutatilola, bwana, kuti ana azingolowa kaye, mwambo udzachitike mvula ikatha."

Nduna ina inatsamwa ndi tiyi. A Nthawiilipo anapukusa mutu mwachisoni, ngati dokotala amene waona matenda osachiritsika.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, mayi. Inu mukuganiza kuti boma lagona pa nkhani ya ana ndi kusintha kwa nyengo? Mfumu yangobwera kumene kuchokera kunja, kumene inalankhula za ana a ku Pansipansi mpaka azungu kulira. Sabata yamawa nduna zonse tikukabindikira kuhotela ya kuphiri kukambirana za inu nomwe. Ena a ife tikudwala shuga chifukwa cha misonkhano yokuganizirani."

Apa Mfumu inatsegula diso limodzi n'kufunsa ngati nthawi ya chakudya yakwana. Mlembi wa bwalo analengeza kuti Mfumu yakhudzidwa kwambiri, ndipo nduna zonse zinaimirira n'kuomba m'manja. Lisanalowe dzuwa, chigamulo chinatuluka.

Mayi Kabango anakachimvera pamsika wa kwawo, tsiku lotsatira, galimoto ya chimkuzamawu itaima pakati pa ogulitsa matimati ndi ogulitsa makala. Wolengezayo anati mwa chifundo cha Mfumu, mvula ya ku Pansipansi yaimitsidwa kaye mpaka sukulu idzatsegulidwe. Anati mtsinje wa Sagogoda wapatsidwa chenjezo lomaliza. Anatinso pofuna kuti ana akhale okonzeka kulimbana ndi ngozi zogwa mwadzidzidzi, mwana aliyense aziimba m'mawa ndi masana nyimbo yatsopano ya boma yakuti "Ndife ana olimba, madzi amatiopa."

"Kodi mtsinjewo auuza kale?" anafunsa Nasibeko, mayi wogulitsa matimati, amenenso anali wapampando wa gulu la amayi a pasukulupo.

"Akuti atumiza wapolisi akauuze," anayankha Folomani, mkulu wa kabaza, atakhala pakaliyala ya njinga yake.

"Asankhe wodziwa kusambira."

"Inu a Nasibeko mulibe chikhulupiriro. Chaka cha njala chija sanalamule kuti mimba zonse zikhute? Ine mpaka ndinageya."

Nasibeko anaona Mayi Kabango ataima chapatali, manja ali kumbuyo.

"Aphunzitsi, bwerani kuno. Ife makosi anatha ndi njerwa zija. Tiuzeni zoona, madzi akabwera ana athu mukawaika pati?"

"Boma likudziwa chimene likuchita, Nasibeko," anatero Mayi Kabango. Koma mawuwo anatuluka opyapyala, ndipo iwo eni anachita nawo manyazi.

Mvula sinamve chigamulo. Inagwa masiku otsatizana osapumira, mpaka Lachiwiri lina m'mawa, ana ali pamzere akuimba kuti madzi amawaopa, kunamveka mkokomo kumtunda ngati malole ambiri akubwera pamodzi. Mayi Kabango anasuzumira kumtsinje n'kuona mitengo yathunthu ikuyenda choimirira. Mantha amene anawagwira sanali ofanana ndi mantha oopa boma. Awa anali a m'mimba.

"Siyani nyimboyo! Aliyense agwire dzanja la mnzake, akulu berekani ang'ono! Kuchitunda!"

Anathamanga madzi ali m'akakolo, kenako m'mawondo. Pamene ankafika pamwamba, kumbuyo kwawo kunali nyanja yofiira, ndipo denga la sukulu yakale linali kuzungulira pamadzi ngati chivundikiro cha poto. Mvula inali kuwakwapula, ana ang'ono akunjenjemera, milomo itachita kuyera. Patsogolo pawo panali riboni ija, yonyowa, ikugwedezeka ndi mphepo.

Mayi Kabango anaima. Inde, anaima ndithu, mayi wamkulu ndi nzeru zake, ana a eni ake akuzizidwa kumbuyo kwake, iye akuopa kansalu kosakwana n'kumangira mutu komwe. Umu ndi mmene anthu a ku Dikirakaye analeredwera. Mwandida anawakoka chitenje.

"Amayi, tikudikira ndani?"

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mayi Kabango anauza ana kuti awerame, adutse pansi pa riboni osaikhudza. Ana analowa mosavuta, poti ndi afupi. Iwo eni anachita kukwawa ndi mawondo m'matope, mpweya uli befu, mtima ukupempha Mfumu chikhululukiro. Posakhalitsa mudzi wonse unafika, ndi mitolo, nkhuku ndi okalamba obereka kumsana, ndipo aliyense anakwawa chimodzimodzi. Anakhala m'menemo mpaka madzi anaphwa. Sipanafe munthu ndi mmodzi yemwe.

Madzi ataphwa, chimwemwe chinaphwanso, chifukwa anthu anakumbukira mchira wa lamulo lija. Ikadziwika nkhaniyi, sukulu igumulidwa. Choncho mudzi wonse unagwira ntchito imene sunaigwirepo ndi pa Khirisimasi pomwe. Anakolopa, anapala mwaye m'zipupa, anatola nthenga iliyonse ya nkhuku, anasesa mapazi awo chobwerera m'mbuyo mpaka kunja kwa mpanda. Nasibeko anachapa riboni ija ili chimangire n'kuiwongola ndi manja.

Olemekezeka a Nthawiilipo anabwera pa helikopita. Anyamata awo anayala matabwa kuti bwana asadetse suti, ndipo anthu anasonkhana kunja kwa mpanda. Ana onse anali pomwepo, pakamwa yasa, akuzungulira helikopita ija.

"Aphunzitsi aakulu ayandikire," inatero nduna. "Tsiku la chigumula linali la sukulu?"

"Linali Lachiwiri, bwana."

"Ndiye kuti ana anali kusukulu, monga mwa lamulo."

"Anali kusukulu, bwana."

"Sukuluyo ili kuti?"

"Inapita ndi madzi."

"Kupatula chitunda chino, kuno kulinso malo ena okwera?"

"Kulibe, bwana. Ndiponso pachitunda pano pouma ndi m'kati mwa mpandamu mokha."

Atangotero anadziluma lilime, koma mawu anali atatuluka kale. Nduna inamwetulira.

"Chabwino. Tsono m'sukulu ya Mfumuyi munalowa munthu?"

"Riboni si iyo, bwana, ili chimangire," analowerera Nasibeko.

"Ndafunsa aphunzitsi."

Mayi Kabango anayang'ana zipupa zija. Ankadziwa khosi limene linasenza njerwa za ngodya iliyonse. Ankadziwanso kuti mvula idzabweranso chaka chamawa, ndipo popanda nyumba imeneyi ana sadzakhala ndi kothawira. Ananena bodza lawo loyamba kwa boma.

"Simunalowe munthu, bwana."

A Nthawiilipo anavula chipewa pang'onopang'ono n'kuchigwira pachifuwa.

"Anali m'sukulu imene inapita ndi madzi. Kwina kothawira kunalibe. Muno sanalowe. Abale anga a ku Pansipansi, pepani kwambiri. Ana anu onse anatisiya."

Anthu anayang'anana. Folomani analoza gulu la ana lija, limene tsopano linali kulimbirana kugwira tayala la helikopita.

"Nanga awa, bwana, ndi abakha?"

"Boma siliyendera zooneka ndi maso, bambo. Maso amanama. Boma limayendera zimene zanenedwa pabwalo. Koma ngati alipo amene akufuna kunena kuti anawa ali moyo, anene pompano kumene anapulumukira. Buludoza ilipo, ndipo iyo matope siiwaopa."

Folomani anatsitsa dzanja lake. Nduna inakwera helikopita nkhope ili yowala, chifukwa inkadziwa chinthu chimodzi chimene anthu a kumudzi sankachidziwa: abwenzi akunja amamva msanga kulira kwa pamaliro kusiyana ndi kupempha kwa amoyo.

Dziko lonse linalowa m'masiku olira. Mbendera zinatsitsidwa, wailesi inkangoimba nyimbo zachisoni, Mfumu inaonekera pa kanema itavala zakuda. Thandizo linabwera lambiri kuchokera kunja, ndipo pofuna kuti nduna zizifika msanga pamalo a ngozi, iliyonse inaguliridwa galimoto yatsopano yotha kuyenda m'matope. Ku Pansipansi kunafika mapepala okhala ndi chithunzi cha Mfumu ikupukuta misozi, ndipo anathandiza kwambiri pokulungira usipa.

"Malemu anu ali bwanji, a Nasibeko?" ankafunsa Folomani akamadutsa pamsika.

"Aa, musandikumbutse. Chimwalirireni akudya kawiri kuposa kale. Dzulo malemu wamng'ono uja wandibera matimati."

Mayi Kabango sankaseka nawo. Ankaphunzitsa ana pansi pa mtengo wa mango, akudzitonthoza kuti zonsezi n'zakanthawi. Ankati Mfumu ikangodula riboni, zitseko zidzatseguka, ndipo ana adzalowa, kaya boma likuwatcha amoyo kaya akufa. Bodza lawo linkawawawa, koma ankati bola lapulumutsa sukulu.

Chilimwe chitafika, Mfumu inaphonya msonkhano umodzi wa kunja, chinthu chimene sichinachitikepo, n'kubwera ku Pansipansi ndi atolankhani a mayiko ambiri. Anayala kapeti kuchokera pagalimoto mpaka pakhomo la mpanda. A Nthawiilipo anaitanitsa kwaya ya ana yoti iimbe nyimbo zamaliro, ndipo popeza kuderalo kunalibe ana ena, anatenga omwewo, n'kuwaveka malaya oyera. Wolengeza anauza alendo kuti ndi ana a mudzi woyandikana nawo amene abwera kudzalira anzawo. Mwandida ndiye ankatsogolera, ndipo mawu ake anali okoma moti mzungu wina wamkazi analira mpaka kumugwirizira.

Mfumu inaimirira. Inati ana a ku Pansipansi anafa ngati ngwazi, chifukwa anasankha kumira kusiyana ndi kuphwanya lamulo la dziko lawo, ndipo ana onse a mu Dikirakaye atengerepo phunziro. Kenako inatenga sizasi ya golide n'kudula riboni. Ng'oma zinalira, amayi analuluta, ndipo Mayi Kabango anamva misozi yachimwemwe ikutsika. Anayamba kale kuganiza za kalasi imene adzaikemo a sitandade wani.

Koma Mfumu inali isanamalize.

"Popeza ophunzira a sukulu ino anatisiya," inatero, "sitingalole kuti phazi la munthu lidetse malo awo. Kuyambira lero nyumba ino ndi Chikumbutso cha Ana Omvera. Idzatsegulidwa kamodzi pachaka, ine ndikabwera kudzaika nkhata. Ndipo poti ku Pansipansi kulibenso ana, boma silidzakuvutitsaninso ndi nkhani za sukulu."

Nduna zinaomba m'manja. Asilikali awiri anakoka chitseko cha mpanda n'kukhomapo loko wamkulu ngati chibakera, mmodzi n'kukhala pampando pakhomopo, mfuti ili pamiyendo.

Kenako anaitana makolo oferedwa kuti alandire chipepeso kuchokera m'manja mwa Mfumu, ndipo woyamba anali mphunzitsi wamkulu, amene anataya mwana wake yekhayo. Mayi Kabango anayenda pakapeti. Anagwada. Mwandida anali poteropo, pamzere woyamba wa kwaya, akuwamwetulira. Mkwiyo umene anali asanaumvepo unawagwira.

"Mfumu yanga," anayamba, "ana awa amene akuimbawa..."

A Nthawiilipo anawerama ngati akuwathandiza kudzuka, n'kuwanong'oneza: "Malizani, mayi. Uzani dziko lonse kuti munanamiza Mfumu mpaka kuiliza pa kanema. Inu mukagona kundende lero lomwe, nyumbayi igwa mawa, ndipo mwana wanuyo adzakhala wamoyo wopanda mayi."

Makamera onse anali pa iwo. Mfumu inali itatambasula bulangete lotuwa, ikudikira monyansidwa.

"Ana awa aimba bwino," anatero Mayi Kabango. "Zikomo, Mfumu yanga."

Galimoto zitachoka, anyamata a boma anapinda kapeti, anavula ana malaya oyera aja n'kuwalongedza m'katoni. Anthu anatsika chitunda mwakachetechete, aliyense ndi bulangete lake kukhwapa, kubwerera kumunsi kumene mtsinje unali kuyenda mofatsa ngati sunalakwepo. Ngakhale Folomani analibe choseketsa.

Mwandida anathamangira mayi ake n'kuwagwira dzanja, akudumphadumpha.

"Amayi, mwandimva? Ndaimba bwino pamaliro anga?"

"Waimba bwino, mwana wanga."

"Nanga madzi akadzabweranso, tidzathawira kuti?"

Mayi Kabango anatembenuka kuyang'ana pachitunda. Msilikali uja anali atavula nsapato, akuwothera dzuwa pakhomo la sukulu yawo. Mayi Kabango anayang'ananso mwana wawo. Anangomufunditsa bulangete lija, ngakhale kunali kotentha, n'kupitiriza kutsika naye.